Asiyeni ofufuza maselo agwire ntchito, mankhwala a khansa amachokera komweko

Nthawi iliyonse imene maboma kapena mabungwe othandiza ayamba kudula ndalama za kafukufuku, mkangano umodzimodzi umadzukanso. Anthu amafunsa kuti n'chifukwa chiyani tikulipira munthu wophunzira kwambiri kuti athe zaka khumi akusuzumira maselo m'kambale ka mu labotale, kapena kuwerenga masiku amene kamwana ka mbewa kamatenga kuti katsegule maso, pamene m'zipatala muli anthu amene khansa ikuwadya lero lino. Ena amafika ponena kuti wofufuza aliyense, asanalandire ndalama, azitchula matenda amene akufuna kuchiza ndi chaka chimene adzachizire. Sindiwayesa anthu opanda nzeru amenewa, ayi. Ambiri a iwo anadwazikapo m'bale wawo mpaka kumutaya, ndipo amayankhula mtima ukuwawa. Koma ine ndili mbali inayo, ndipo ndinena mosabisa: kafukufuku wofuna kungomvetsa mmene selo limamvera lamulo loti likule ndi woyenera kupatsidwa ndalama ndi nthawi, ngakhale mwini wakeyo atalephera kulonjeza mankhwala. Mankhwala ambiri amene masiku ano amalunjika pa chotupa chenichenicho anachokera kwa anthu amene poyamba sankafufuza n'komwe za khansa ya anthu, ndipo lamulo loti "tchula matenda ndi chaka" likanawatsekera pakhomo onsewo.

Kuti timvane, tiyambe ndi chala chanu. Mukadzicheka ndi mpeni, magazi amatuluka, kenako amaundana, ndipo pakapita masiku angapo mumaona kakhungu kanthete kofiirira kakukwawa kuchokera m'mphepete mwa bala kupita pakati. Bala likatsekeka, kukulako kumaima. Ndani anauza maselo a khungu kuti ayambe kugawikana, ndipo ndani anawauza kuti basi, zakwana? Selo la m'thupi silimangogawikana mwa kufuna kwake, limadikira uthenga. Uthengawo ndi timapuloteni ting'onoting'ono timene asayansi amatitcha growth factor, ndipo pabala paja tina timatuluka m'tizidutswa ta m'magazi tomwe timathandiza magazi kuundana. Pachikopa cha selo pali puloteni ina yolandira uthengawo, yotchedwa receptor, imene inakhala ngati munthu woima pakhomo, khutu lili panja, pakamwa pali m'nyumba. Uthenga ukafika, zolandirira ziwiri zimakumbatirana, mbali yake ya m'kati imadzuka n'kuyamba kumata tizizindikiro ta phosphate pa mapuloteni ena, ndipo mawu aja amapatsiranidwa kuchokera ku puloteni yotchedwa Ras kupita ku Raf, MEK ndi ERK, mpaka akafike pakatikati pa selo pomwe pali DNA. Kumeneko ndi kumene lamulo loti selo ligawikane limatsimikizidwa. Ikatha ntchito, selo limameza cholandirira chija ndipo m'nyumba mumakhalanso bata. Khansa zambiri zimayamba bata limeneli likasowa. Mwina selo layamba kudzipangira lokha uthenga n'kumadzimvera, mwina laika zolandirira zochuluka mopyola muyeso, kapena mmodzi wa amithenga a m'kati aja wapenga, akungofuula kuti "gawikana" ngakhale pakhomo sipanafike aliyense.

Zimene ndafotokozazi zimakwana m'ndime imodzi, koma kuti zidziwike panapita zaka zoposa 50, ndipo chiyambi chake n'chimene chimandigwira mtima. Rita Levi-Montalcini anali dokotala wachitsikana wachiyuda ku Turin, ku Italy, pamene boma la Mussolini mu 1938 linakhazikitsa malamulo oletsa Ayuda kugwira ntchito m'mayunivesite. Iye anakonza kalabotale m'chipinda chake chogona, ananola masingano osokera kuti akhale timipeni, n'kumatumbula mazira a nkhuku kuti aone mmene minyewa yotumiza mauthenga imamerera mwa mwanapiye asanaswe. Nkhondo itatha anapita ku Washington University ku St. Louis kukagwira ntchito ndi Viktor Hamburger, ndipo kumeneko anatsatira chinthu chodabwitsa: kachidutswa ka chotupa cha mbewa kakaikidwa mu dzira lomwe muli mluza, minyewa ya mluzawo inkamera mosalamulirika. Mu 1952 ananyamula mbewa za zotupa kupita nazo ku Rio de Janeiro, komwe kunali mnzake wodziwa kulera maselo m'mbale. Anaika kachidutswa ka chotupa pafupi ndi kamfundo ka minyewa ya mwanapiye, osazigunditsa, ndipo patangotha maola angapo kamfundoko kanali katatulutsa timaulusi mbali zonse ngati dzuwa lojambulidwa ndi mwana. Chotupacho chinkatulutsa kanthu kosaoneka kamene kankayenda m'madzi n'kukalamula minyewa. Kanthuko ndi kamene kanatchedwa NGF.

Stanley Cohen, katswiri wa makemikolo a m'thupi, analowa m'gululi mu 1953 kuti apeze kuti kanthuko n'chiyani kwenikweni. Pofuna kuphwanya zinthu zina zosafunika zimene zinasakanikirana nako, anathiramo ululu wa njoka, ndipo anadabwa kuona kuti ululuwo pawokha unkameretsa minyewa kuposa chotupa chija. Anaganiza kuti poti ululu wa njoka umachokera m'kachiwalo kofanana ndi kopanga malovu, ayese kachiwalo ka malovu ka mbewa yamphongo. Anapezamo NGF wambiri. Koma atabaya madzi a m'kachiwaloko mwa tiana ta mbewa tongobadwa kumene, anaona chinthu china chimene sankachifuna. Tiana ta mbewa timabadwa zikope zili zomatana ndipo timapenya patatha masiku 12 mpaka 14. Tiana tobayidwato tinkapenya pa tsiku la 7, ndipo mano ankameranso msanga. Munthu wothamangira zotsatira akanati zimenezi si za minyewa, n'kuzitaya. Cohen anazitola, anasamuka nazo kupita ku Vanderbilt University mu 1959, ndipo kwa zaka ankangoyeretsa madziwo, kubaya tiana tina, n'kumawerenga masiku. Mu 1962 analengeza za puloteni yatsopano imene pambuyo pake inatchedwa EGF, yomwe imakulitsa maselo a khungu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa anali maso a mbewa. Tangoganizani komiti yogawa ndalama ikumufunsa mu 1960 kuti kodi zikope za mbewa zichiza matenda ati.

Yankho linabwera patatha zaka 20, kuchokera mbali imene palibe ankayang'anako. Kalekale mu 1911, Peyton Rous anali atasonyeza kuti kachilombo kena kamayambitsa chotupa mwa nkhuku, ndipo anzake ambiri sanazitenge ngati nkhani, moti mphoto ya Nobel anailandira mu 1966. Mu 1976 Michael Bishop ndi Harold Varmus anapeza kuti jini (kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo opangira puloteni) imene kachilomboko kamayambitsira khansa si yachilendo, ndi jini ya selo labwinobwino imene kachilombo kanaba n'kuipotoza. Mu 1979 Tony Hunter wa ku Salk Institute anatulukira kuti pali mapuloteni amene amamata phosphate pa kachigawo kotchedwa tyrosine, ndipo iye mwini amanena kuti anaona zimenezi chifukwa anagwiritsa ntchito madzi oyezera akale m'malo mokonza atsopano. Chaka chotsatira, gulu la Cohen linasonyeza kuti cholandirira cha EGF chimachita zomwezo. Kenako mfundo zinayamba kulumikizana mofulumira. Mu 1983 zinadziwika kuti jini yoyambitsa khansa ya kachilombo kena ka anyani ndi yofanana ndi ya PDGF, uthenga uja wa pabala. Mu 1984 Julian Downward ndi anzake mu labotale ya Michael Waterfield ku London anapeza kuti jini ya khansa ya kachilombo ka nkhuku yotchedwa erbB ndi cholandirira cha EGF chodulidwa khutu, chimene chimangoyankhula m'nyumba osamva kalikonse panja. Cohen ndi Levi-Montalcini analandira Nobel mu 1986. Chaka chotsatira Dennis Slamon anasonyeza kuti m'khansa zina za m'mawere, m'bale wake wa cholandirira cha EGF wotchedwa HER2 amachuluka mopitirira, ndipo amayi a zotupa zoterozo matenda ankawabwerera msanga. Mu 1998 mankhwala a trastuzumab, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Herceptin, anavomerezedwa ku United States. Lero mayi akapezeka ndi khansa ya m'mawere, limodzi la mafunso oyamba ndi loti chotupacho chili ndi HER2 kapena ayi. Funso limenelo makolo ake ndi tiana ta mbewa tija.

Tsopano ndiwamve otsutsa, chifukwa ali ndi mfundo. Yoyamba ndi yoti kupewa kumaposa kuchiza. World Health Organization imanena kuti khansa 30 mpaka 50 pa 100 zilizonse n'zotheka kuzipewa, makamaka pochepetsa fodya ndi mowa, pobaya akatemera ndi popima msanga, ndiye iwo amati bwanji ndalama zonse zisapite kumeneko, komwe phindu lake ndi lodziwika kale. Ndikuvomereza kuti dziko lililonse limene silinamalize kubaya atsikana katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, lili ndi ngongole yaikulu, ndipo sindingauze munthu kuti achotse ndalama za katemera n'kugulira makina a mu labotale. Komabe tiyeni tifunse kuti katemerayo anachokera kuti. Anachokera kwa Harald zur Hausen, amene anaumirira kwa zaka zambiri kuti kachilombo ka njerewere kangayambitse khansa ya khomo la chiberekero pamene anzake ambiri ankaloza kachilombo kena, mpaka anapeza HPV 16 mu 1983 ndi HPV 18 mu 1984. Katemera anafika mu 2006. Choncho kupewa kumene tikukutamaku ndi chipatso cha kafukufuku yemweyo amene ena akufuna kumudula. Kuwonjezera apo, ngati theka la khansa n'lopeweka, theka linalo si lopeweka. Pali amayi amene sanagwirepo ndudu chibadwire koma ali ndi khansa ya m'mapapo chifukwa cholandirira cha EGF chinasokonekera chokha. Amenewa sitingawauze kuti akanapewa. Munthu wanjala amene amaphika mbewu yonse amakhuta chaka chimenecho, koma chaka chinacho alibe chodzala.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kuposa yoyambayo. Otsutsa amati mankhwala olunjikawa amatamandidwa mopitirira, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: chotupa chimafota kwa miyezi ingapo, banja limasangalala, kenako chimabwerera ndi mphamvu. Izi n'zoona nthawi zambiri khansa ikakhala kuti yafalikira kale, ndipo aliyense wolemba za mankhwalawa osatchula zimenezi akunamiza anthu. Koma taonani mmene nkhani ya gefitinib inayendera. Mankhwalawa, amene amatseka pakamwa pa cholandirira cha EGF, anavomerezedwa ku Japan mu 2002 ndi ku United States mu 2003. Ataperekedwa kwa odwala khansa ya m'mapapo mwachisawawa, ankathandiza mwina munthu mmodzi pa khumi, ndipo kafukufuku wamkulu atalephera kusonyeza kuti amatalikitsa moyo, mu 2005 boma la United States linachepetsa kwambiri kagwiritsidwe ntchito kake. Akanatha pomwepo. Chimene chinawapulumutsa n'chakuti mu 2004 magulu a ofufuza ku Boston ndi ku New York anatenga zotupa za odwala ochepa amene anathandizidwa modabwitsa aja n'kuwerenga jini ya cholandiriracho, ndipo anapeza kuti mwa iwowo ndi mmene munali cholakwika. Vuto silinali mankhwala, linali loti ankapatsidwa kwa anthu olakwika. Ndipo zotupa zitayamba kukana mankhwalawo, ofufuza omwewo anapeza mu 2005 kuti pafupifupi theka la odwala oterowo ali ndi kusintha kwachiwiri kotchedwa T790M, kumene kumalepheretsa mankhwala kugwira. Chidziwitso chimenecho ndi chimene chinabala mankhwala atsopano otchedwa osimertinib mu 2015. Chotero kubwerera kwa chotupa ndi umboni wakuti sitinamalize kumvetsa, osati wakuti kumvetsako n'kopanda ntchito.

Chitsanzo china chimene chimandiphunzitsa kwambiri pa mfundo yomweyi ndi cha BRAF. Mu 2002 ofufuza ku Sanger Institute anapeza kuti jini imeneyi, mmodzi wa amithenga a m'kati aja, imakhala yosokonekera m'khansa zambiri za pakhungu za mtundu wa melanoma. Mankhwala oitseka, vemurafenib, anavomerezedwa mu 2011 ndipo ankafotetsa zotupa mwa odwala ambiri. Koma cholakwika chomwechomwecho chimapezekanso m'khansa zina za m'matumbo, ndipo kumeneko mankhwalawo sanaphule kanthu. Chifukwa chiyani? Mu 2012 gulu la René Bernards ku Netherlands Cancer Institute linasonyeza kuti m'maselo a m'matumbo, ukatseka BRAF, selo limakweza mawu a cholandirira cha EGF n'kudutsitsa uthenga njira ina, monga mmene madzi amachitira ukawatsekera ngalande imodzi. Maselo a melanoma ali ndi cholandirira chimenechi chochepa, n'chifukwa chake iwo analibe kothawira. Yankho linali kutseka ngalande ziwiri nthawi imodzi, ndipo mu 2020 kuphatikiza encorafenib, wotseka BRAF, ndi cetuximab, wotseka cholandirira cha EGF, kunavomerezedwa. Dokotala wa pa bedi la wodwala sakanatha kuona zimenezi ndi maso, ngakhale akhale waluso chotani. Zinaoneka m'kambale. Ndiponso tisaiwale kuti si nthawi zonse pamene phindu limakhala la miyezi yokha. Khansa ya m'magazi yotchedwa CML inkapha anthu ambiri m'zaka zochepa, koma pa odwala amene anayamba kumwa imatinib pa kafukufuku wamkulu woyamba, oposa 80 pa 100 alionse anali moyo patatha zaka 10. Imatinib anavomerezedwa mu 2001, koma mizu yake ili mu 1960, pamene Peter Nowell ndi David Hungerford ku Philadelphia anaona m'maselo a odwala CML kachromosome (kamtolo ka DNA) kafupi modabwitsa, ndi mu 1973, pamene Janet Rowley anazindikira kuti ma chromosome 9 ndi 22 anasinthana zidutswa. Trastuzumab nayenso, akaperekedwa limodzi ndi chemotherapy chotupa chitangochotsedwa, anachepetsa kubwerera kwa matenda ndi pafupifupi theka pa akafukufuku amene anatuluka mu 2005. Amenewo ndi amayi amene analera ana awo mpaka kukula.

Otsutsa ena amaloza labotale yeniyeniyo. Amati mbewa si munthu, maselo a m'mbale si thupi, ndipo zambiri zimene zimalengezedwa sizipezekanso wina akabwereza. Apa sindidzitchinjiriza kwambiri, chifukwa mlandu ulipo. Mu 2012 asayansi awiri analemba kuti kampani ya Amgen itayesa kubwereza zotsatira 53 zotchuka za kafukufuku wa khansa, inatsimikizira 6 zokha. Mu 1998 manyuzipepala anadzaza ndi nkhani yoti mankhwala a mu labotale ya Judah Folkman, amene ankaletsa chotupa kumeretsa mitsempha ya magazi, athetsa khansa, ndipo odwala anadzazana pa matelefoni, koma zimene zinachitika mwa mbewa sizinachitike mwa anthu. Zimenezi zimapweteka, ndipo amene amapwetekedwa kwambiri ndi wodwala amene wauzidwa kuti adikire pang'ono. Koma funso n'lakuti chimachititsa zotsatira zosalimbazi n'chiyani. Kumbali yaikulu ndi liwiro lomwelo limene otsutsa akufuna kuliwonjezera. Wofufuza amene akudziwa kuti ndalama zake zitha pakapita zaka zitatu ngati sasonyeza kuti ali pafupi ndi mankhwala, amalengeza msanga, amakometsa, ndipo sabwereza kachitatu. Mankhwala a vuto limeneli ndi kumupatsa nthawi ndi kumulipira akabwereza ntchito ya mnzake, osati kumufinya kwambiri. Za nyama zija, n'zoona kuti mbewa si munthu, koma dongosolo la amithenga a m'selo ndi lakale kwambiri moti timagawana ndi tizilombo tonyozeka. Ndondomeko ya amene amapatsira mnzake uthenga pakati pa cholandirira ndi Ras inamveka bwino chifukwa cha anthu amene ankafufuza mmene diso la kantchentche ka pazipatso limapangikira ndi mmene kanyongolotsi kotchedwa C. elegans kamapangira kabowo koikira mazira. Ngakhale maganizo a Folkman sanafe. Napoleone Ferrara atapeza VEGF mu 1989, uthenga umene umameretsa mitsempha ya magazi, mankhwala outseka anathandiza pang'ono chabe pa khansa zambiri, koma obayidwa m'diso apulumutsa maso a okalamba ambirimbiri amene mitsempha yosafunika inkawaononga kuseri kwa diso. Palibe amene analemba zimenezo m'kalata yopempha ndalama.

Mfundo imene imandisowetsa mtendere kuposa zonse ndi ya mtengo. Amati kafukufukuyu amalipiridwa ndi misonkho ya anthu, koma mankhwala akatuluka amakhala a kampani, ndipo mtengo wake ndi woti anthu ambiri padziko lapansi sangaufikire. Ndiye phindu lake n'chiyani kwa mayi amene chotupa chake chili ndi HER2 koma sadzaona botolo la trastuzumab? Mkwiyo umenewu ndi wolungama ndipo ndili nawo inenso. Chomwe ndikukana n'chakuti mkwiyowo ugwere wofufuza. Mtengo suikidwa mu labotale, umaikidwa m'malamulo a umwini wa mankhwala ndi pa zokambirana za maboma ndi makampani, ndipo kumeneko nkhondo imatheka kupambana. Mu 2013 khoti lalikulu la India linakana kupatsa kampani ya Novartis umwini watsopano pa imatinib, zimene zinalola kuti makampani a m'dzikolo apitirize kupanga wotchipa. Mu 2015 World Health Organization inaika imatinib ndi trastuzumab pa mndandanda wa mankhwala ofunika amene dziko lililonse liyenera kukhala nawo, ndipo mu 2019 inavomereza koyamba trastuzumab wopangidwa ndi kampani ina pamtengo wotsika. Izi sizinathetse vuto, koma zikusonyeza kusiyana kwake: mankhwala odula akhoza kutsika mtengo, pamene mankhwala amene sanatulukiridwe palibe khoti limene lingawatsitse. Komanso chidziwitso chomwechi chimapulumutsa ndalama. Pafupifupi khansa 40 pa 100 zilizonse za m'matumbo aakulu zili ndi jini ya KRAS, mtundu wina wa Ras uja, yosokonekera, ndipo popeza mthenga ameneyu ali m'kati mwa nyumba, kutseka khutu la pakhomo ndi cetuximab sikuthandiza. Kupima chotupa kaye kumamupulumutsa wodwala woteroyo ku mankhwala odula, ku ziphuphu za pakhungu zimene amayambitsa, ndi ku chiyembekezo chabodza. Ngati tikufuna kumenyera chilungamo, timenyere kuti chipatala chilichonse chochiza khansa chikhale ndi labotale yotha kupima zinthu ngati HER2, chifukwa popanda imeneyo ngakhale mankhwala aulere amakhala ongoponya mumdima.

Pali wotsutsa mmodzi amene ndamusunga, ndipo ndi wochenjera. Iye anganene kuti ndasankha nkhani zokoma zokhazokha, ndipo pa Cohen mmodzi pali ofufuza zikwi amene anathera moyo wawo pa mapuloteni amene sanachize aliyense. Sindikana. Chomwe ndimamufunsa n'chakuti akanamudziwa bwanji Cohen pakati pa zikwizo mu 1960, pamene Cohen mwiniwake sankadziwa. Kusankhiratu kumafuna kuti udziwe yankho la funso limene sunalifunse. Jini ya Ras inapezeka m'khansa ya munthu mu 1982, ndipo kwa zaka zoposa 30 asayansi ambiri ankati ndi yosatheka kuipangira mankhwala chifukwa puloteni yake ndi yosalala, yopanda pogwira. Komiti yofuna zotsatira za msanga ikanatseka nkhaniyo kalekale, ndipo ikanaoneka yanzeru. Mu 2013 gulu la Kevan Shokat ku San Francisco linapeza kathumba kobisika pa mtundu umodzi wa KRAS wosokonekera, ndipo mankhwala ogwira pakathumbako otchedwa sotorasib anavomerezedwa mu 2021. Komanso aja amene timati sanachize aliyense sanagwire ntchito pachabe. Ndi iwo amene anasonyeza kuti uthenga wina wotchedwa TGF-beta umaletsa selo labwinobwino kukula, koma chotupa chikakhwima umasanduka bwenzi lake n'kuchithandiza kufalikira ndi kubisala kwa asilikali a m'thupi. Popanda kudziwa zimenezo, munthu angathe kutseka uthengawu pa nthawi yolakwika n'kuvulaza wodwala. Kudziwa pamene suyenera kugwira ndi ntchito yomwe siitulutsa botolo la mankhwala, koma imateteza anthu.

Ndipo nkhani ya NGF ija, yomwe inaoneka ngati yapatuka kupita ku za ubongo n'kusiya khansa, inabwereranso. Mu 1986 Mariano Barbacid ndi anzake anapeza jini yachilendo m'chotupa cha m'matumbo cha wodwala wina: theka linali la puloteni wamba, theka linalo linali pakamwa pa cholandirira chimene palibe ankadziwa kuti chimamvera uthenga uti. Anachitcha TRK. Mu 1991 zinadziwika kuti uthenga wake ndi NGF yemwe uja wa Levi-Montalcini. Kumatikizana kwa majini kotereku n'kosowa m'khansa zofala, koma kumapezeka pafupifupi nthawi zonse m'khansa zina zosowa, kuphatikizapo chotupa cha m'minofu chimene chimagwira makanda, chomwe kale nthawi zina chinkachititsa kuti mwana adulidwe mkono kapena mwendo. Levi-Montalcini anamwalira mu 2012 ali ndi zaka 103. Patatha zaka 6, mankhwala otseka TRK otchedwa larotrectinib anavomerezedwa, osati a khansa ya chiwalo chakutichakuti, koma a chotupa chilichonse chimene chili ndi cholakwika chimenechi, kaya chili m'mapapo, m'khosi kapena m'mwendo. Pa odwala 55 oyamba panali mitundu 17 ya khansa, ndipo zotupa zinafota mwa atatu pa anayi alionse. Wamkulu kwambiri anali ndi zaka 76. Wamng'ono kwambiri anali ndi miyezi 4, ndipo ana ngati iyeyo ankamwetsedwa mankhwalawo ali amadzi.